Land Rover, Peugeot 404 kapena Nissan 1400: yodzutsa pakhomo kuno ku Thyolo ndi iti?

Chiyambireni kuyenda pikiapu ya Peugeot 404 imene anasiya malemu bambo anga, anzanga sasiya kundifunsa kuti, "Achimwene, nanenso ndikufuna kudzutsa galimoto yakale, nditole iti?" Kuchokera ku Bvumbwe, kudutsa ku Luchenza mpaka ku Chitakale, zimene mumazipeza zitakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba kawirikawiri ndi zitatu: Land Rover Series III zotsala za m'maesiteti a tiyi, ma Peugeot 404 ndi 504 amene ankachita matola kale, ndi ka Nissan 1400 kamene akuluakulu amakatchulabe Datsun. Zonsezi ndazigwirapo. Peugeot ndi yanga, Nissan ndi ya alamu anga, Land Rover ndi imene inandidyera ndalama.

Za injini sindichulutsa. Za petulo pafupifupi zonse ndi za kabuleta, zopanda kompyuta, ndipo makaniko aliyense amene anaphunzira ntchito m'zaka za m'ma 1980 amazidziwa. Ya Nissan, yotchedwa A14, ndiyo yosavuta kwenikweni. Ya Land Rover ya malita 2.25 siifa wamba, koma imamwa petulo mochititsa mantha, ndipo oyilo wodontha pansi mungomuzolowera. Ya Peugeot ili ndi msampha umodzi: masilivi ake, zitsulo zonga mapaipi mmene mapisitoni amayendamo, amakhala m'madzi oziziritsa injini, ndiye galimoto ikakhalitsa osayenda, zotsekera za pansi pa masiliviwo zimatha, madzi n'kulowa mu oyilo. Solani dipusitiki. Oyilo akatuluka wotuwa, konzekani kutsitsa injini yonse. Pa zitatu zonsezi sinthani mapaipi a labala a petulo musanalize n'komwe, chifukwa petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amadya labala wakale komanso amakokera chinyezi m'thanki.

Kuno galimoto imaphedwa ndi dzimbiri. Anzathu a kuchigwa mvula ikatha mu Epulo galimoto zawo zimauma. Ife kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni ndiye chafika, nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo katondo amene anamatirira pansi pa galimoto nthawi ya dzinja amakhala ali chinyowere. Galimoto yoima pa udzu kwa zaka khumi ku Thyolo kapena ku Mulanje imawola kuchokera pansi, mwini wake akungopukuta pamwamba.

Apa ndi pamene Land Rover imapusitsa anthu. Wogulitsa aliyense amayamba ndi mawu omwewo: "Iyi bwana siichita dzimbiri, ndi aluminiyamu." Zoona, boneti, maphiko, denga ndi bodi yakumbuyo ndi za aluminiyamu, ndipo patatha zaka makumi anayi zimaonekabe zabwinobwino. Koma chasisi ndi yachitsulo. Chipupa chimene chili pakati pa injini ndi dalaivala, chija amati bulkhead, ndi chachitsulonso, ndipo ndi chimene chimagwira mapedulo, zitseko ndi galasi lakutsogolo. Mafelemu a m'kati mwa zitseko nawonso ndi achitsulo. Chasisiyo inapangidwa ngati bokosi lotseka, matope amalowera m'mabowo osatulukanso, ndiye imadyeka kuchokera m'kati, kunja kukuoneka kosalala.

Imene ndinagula ine inali 109, yaitali ija. Wogulitsa anali atapaka phula lakuda bii pansi ponse, lonyezimira, n'kundiuza kuti amateteza ku chiperoni. Tsiku limene tinachotsa bodi yakumbuyo, wowotcherera wanga anatenga nyundo n'kugogoda chitsulo chopingasa chakumbuyo, pamene pamamangidwa ngolo. M'malo molira ngwee, chinangoti phwa, nyundo n'kulowa. Atapala phulalo, chitsulo chinayamba kusendeka ngati makungwa a bulugamu, ndipo m'kati munatuluka dothi lofiira lodzaza ndowa, lonyowabe. Timikono tija timatuluka m'mbali mwa chasisi kunyamula bulkhead tinali titamatidwa ndi lata la denga la nyumba, lopindidwa bwino, lokhomedwa ndi maliveti. Pansi pamene dalaivala amaponda panali filler, phala lomatira mabowo a bodi, wochindikala kuposa chala. Pamene aluminiyamu amakhudzana ndi chitsulo, monga m'munsi mwa zitseko, panali ufa woyera, ndipo mukakanda ndi sikuludiraiva mumaboola. Aluminiyamu ameneyo makina owotcherera a ndodo amene ali pa msika uliwonse sangamugwire. Pamafunika makina a argon, ndipo kuti muwapeze mukwera wa ku Limbe chitseko chili m'manja.

Chasisi yokhayo ikhoza kukonzeka, poti chitsulo chake n'cha mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo wowotcherera wodekha amadula powola n'kuikapo chatsopano. Koma pamene pamamangidwa masipuling'i sipofunika kuyerekeza ndi maso. Mukaphonya pang'ono, galimoto imayenda chammbali, matayala n'kumatha mbali imodzi. N'chifukwa chake ndinaitanitsa zitsulo zopangiratu kuchokera ku Joni, ndipo apa ndi pamene panandipweteka koposa.

Ndinagwirizana ndi wa thiransipoti wina mtengo wonyamulira, tinalemberana pa WhatsApp, ndinalipira. Katundu atafika ku Limbe, nkhani inasintha. Akuti chitsulo chopingasa chija n'chachitali, chinadya malo a katundu wa anthu ena, ndiye ndiwonjezere. Akuti palinso "ya pa boda" imene anandilipirira ku Mwanza. Nditapempha lisiti ya kasitomu, anati inalembedwa pamodzi ndi katundu wa galimoto yonse, sangandipatse. Ndikuthamanga kufuna ndalamazo, anayamba kuwerengera ya malo osungira tsiku lililonse. Pomaliza, ndalama yonyamulira inaposa imene ndinagulira zitsulozo. Msonkho sindikana, ndi lamulo, koma msonkho wopanda lisiti ndi dzina lina la kuba. Aliyense woitanitsa sipeya ku Joni afunsiretu kuti mtengowo ukuphatikiza kasitomu kapena ayi, atumize muyezo wa katunduyo, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ndipo dziwani kuti vutoli limakula ndi kukula kwa katundu. Masipeya a Nissan ambiri amakwana m'chikwama cha munthu wobwera pa basi. A Land Rover amene mumawasowadi ndi aakuluakulu aja.

Peugeot ndi Nissan nazonso zimawola, mwinanso msanga kuposa Land Rover, koma sizibisa. Thupi lonse ndi lachitsulo, ndiye mukatukula kapeti, kuyang'ana m'munsi mwa zitseko, pansi pa batire ndi pamwamba pamene mashokabu akutsogolo amamangidwa, mwaona zonse musanatulutse ndalama. Malata ake ndi opyapyala, ndodo yowotcherera imangoboola, choncho funani wowotcherera wa gasi. Nissan ya alamu anga pansi pake panali pobooka moti mumaona msewu, koma tinadula lata latsopano, kupinda, kuwotcherera, kupaka red oxide, penti woteteza ku dzimbiri, ntchito n'kutha pakhomo pomwepo popanda kuitanitsa kalikonse kunja. Chokhacho, penti musapope m'miyezi ya chiperoni. Chinyezi chimatsekeredwa pansi pa penti, ndipo pofika Khirisimasi matuza atuluka. Dikirani Seputembala kapena Okutobala.

Pa masipeya Nissan ilibe mnzake. Inapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka chaka cha 2008, maonekedwe ake osasintha kwenikweni kuchokera mu 1971, ndiye magetsi, magalasi, malabala a zitseko, zonse zikugulitsidwabe zatsopano, ndipo zina mumazipeza ku Limbe kapena ku Ndirande komwe kuno. Land Rover Series III inasiya kupangidwa mu 1985, koma ku Britain akupangabe pafupifupi chilichonse, ngakhale chasisi yathunthu yopakidwa zinki. Vuto ndi loti mtengo wake ndi wa mapaundi, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kabawuti kalikonse kochokera kumeneko kamaluma. Ndiipatse ulemu pa chimodzi: magalasi ake ndi afulati, wodula magalasi amakudulirani. Samalaninso ndi masipanala, poti mabawuti ambiri a Series III ndi a mainchi, ndipo sipanala ya mamilimita imangowakulunga mitu.

Peugeot ndiye yovuta pa nkhaniyi, ndisakubisireni. 404 inapitirira kupangidwa ku Kenya mpaka 1991, ndipo 504 mpaka 2004, choncho za injini ndi mabuleki zimapezeka mukafunafuna, makamaka za 504. Koma galasi lakutsogolo, magetsi akumbuyo ndi tizitsulo tonyezimira ta 404 mumachita kupempha kwa amene ali ndi yakufa kuseri kwa nyumba. Njira yabwino ndi kugula ziwiri, ina yoti muzichotsako. Mayi a kunyumba akafunsa kuti chiphakasa chachiwirichi n'cha chiyani pabwalo pano, yankho mukonzeretu nokha.

Pa msewu, Land Rover imakwera kulikonse, ngakhale kotsikira ku Thekerani mvula ikugwa, koma pa phula imakugwedezani mpaka msana kuwawa. Nissan imanyamula theka la tani, yokwanira kabichi wa ku Bvumbwe kapena zinanazi za ku Mulanje, bola musakhale wamtali, poti kabini yake ndi yothina. Peugeot imanyamula koposa pamenepo, ndipo pa mabampu a msewu wafumbi imayenda mofewa moti wokwera amaiwala kuti ndi pikiapu.

Wongoyamba kumene, amene ali ndi malipiro a pamwezi ndi ana kusukulu, atenge Nissan 1400. Adzaimaliza, ndipo idzayenda. Ine mutandipatsanso mwayi ndingatengenso 404, ngakhale ndayenda maulendo ataliatali chifukwa cha kagalasi ka indiketa, poti giya yake ya pachiwongolero ndi imene ndinaphunzirira kuyendetsa, ndipo palibe Nissan imene nkhalamba za pa Thyolo boma zimaimirira kuti ziione ikudutsa. Land Rover sindiletsa, koma wofuna apite ndi nyundo ndi tochi, agone pansi pake, agogode chasisi yonse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Wogulitsa akakana nyundo, kapena mukapeza phula latsopano, bwererani. Muonenso nambala ya chasisi, imene pa Series III inadindidwa kutsogolo kudzanja lamanja, pamene pamamangidwa sipuling'i. Malo amenewo amawolanso, ndipo ngati wina anawotchererapo chigamba, nambala yapita. Iyerekezeni ndi ya mu bulubuku, ndipo ngati bulubukuyo ili m'dzina la munthu amene anamwalira, monga zimakhalira ndi galimoto zambiri zakalezi, akubanja ayambe akonza makalata osinthira umwini ku Road Traffic musanagule ngakhale chitini chimodzi cha penti.