Kuzimiriritsa kapena kupukuta chithunzi pa Commodore 64

Ndikamaphunzitsa achinyamata kuno ku Salima pogwiritsa ntchito pulogalamu ya VICE, yomwe imatsanzira kompyuta ya Commodore 64 ya mu 1982, timayerekeza njira ziwiri zochotsera chithunzi pa sikirini.

Kupukuta ndi kosavuta kumvetsa. Sikirini ili ndi malo 1,000, mizere 25 ya zilembo 40, ndipo wolemba pulogalamu amangoika nambala 32, yomwe ndi mpata, kuyambira pa adiresi (nambala ya malo osungira zinthu m'kompyuta) 1024 mpaka 2023. Mu BASIC, chilankhulo chosavuta cholembera mapulogalamu pa kompyutayi, zimachedwa, koma kuchedwako kumathandiza wophunzira kuona ntchito ikuyenda.

Kuzimiriritsa ndi kumene ndimakukonda, ngakhale kuli kovutirapo. Kompyutayi ili ndi mitundu 16 yosasinthika, choncho kuwala sikungachepetsedwe mwachindunji. M'malo mwake timatsika masitepe, kuchokera pa woyera kudutsa mitundu itatu yotuwa mpaka wakuda, monga mdima umagwera pang'onopang'ono panyanja ku Senga Bay. Mtundu wa m'mphepete ndi wa kumbuyo umasintha ndi POKE, lamulo la BASIC loika nambala pa adiresi, pa 53280 ndi 53281, koma zilembo zimafuna kusintha malo 1,000 kuyambira pa 55296 pa sitepe iliyonse, ndipo apa BASIC imalephera liwiro, moti ndimawayambitsa ophunzira chilankhulo cha makina, malamulo omwe purosesa (ubongo wa kompyuta) ya 6510 imamva mwachindunji.