Maphunziro a utsogoleri amene anandichotsa m'chipinda cha ma seva

Ndakhala ndikuyang'anira nthambi ya makompyuta pa yunivesite kwa zaka 4, ndipo chaka chathachi ndinalowa maphunziro a utsogoleri okonzedwera anthu a ntchito ngati yangayi. Anatenga miyezi 8. Tinakumana pamaso katatu, tinkakambirana pa Zoom mwezi ndi mwezi, komanso aliyense anapatsidwa mlangizi wake wolankhula naye ola limodzi pakatha milungu iwiri iliyonse.

Tisanayambe n'komwe, anatumiza mafunso kwa abwana anga, kwa anzanga a maudindo ofanana ndi anga, ndi kwa onse amene ndimawayang'anira. Amaitcha 360, ndipo oyankha salemba dzina. Zimene ndinawerenga zinandilasa mtima. Onse anavomereza kuti ntchito ndimaidziwa, koma anati sindilola wina kuigwira. Wina analemba kuti Moodle, pulogalamu yathu yophunzirira pa intaneti, ikagwa usiku iye amangodikira kuti ndidzuke, chifukwa ngakhale aikonze ndidzaibwerezabe m'mawa. Sananame. Ndinakwezedwa chifukwa chodziwa kukonza zinthu, ndiye ndinapitiriza kukonza zinthu, osazindikira kuti ntchito yanga tsopano ndi anthu.

Chamtengo wapatali pa maphunziro onsewa ndi alangizi aja. Sankandiuza chochita. Ankatsata njira ya GROW, imene inatchuka ndi John Whitmore: ukufuna chiyani, zinthu zili pati panopa, ungachite zotani, nanga uchita chiti ndipo liti. Ndinabwera ndi mndandanda wa zizolowezi 7 zoti ndisinthe. Iwo anati ndisankhe chimodzi chokha. Ndinasankha ichi: munthu akabwera ndi vuto, ndisagwire kiyibodi yake, ndiyambe ndamufunsa zimene wayesa kale ndi zimene akuganiza. Zikumveka zazing'ono, koma manja ankachita kuyabwa.

Patatha mwezi ndinali nditagwa ulesi, chifukwa ndinkangobwerera ku zakale. Apa m'pamene anandifotokozera za kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, wa mu 2009. Anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zonse. Mawu amenewa anandilimbitsa mtima kuposa zonse zimene ndinamva m'kalasi.

Za m'kalasizo ndiye sizinandikhutiritse kwenikweni. Zitsanzo zambiri zinali za makampani ogulitsa malonda, kumene bwana akalamula zimachitika. Pa yunivesite sizili choncho. Sungalamule pulofesa kuti asiye pulogalamu imene waigwiritsa ntchito zaka 15, uyenera kumunyengerera, kudutsa m'makomiti, ndi kudikira kuti semesita ithe usanasinthe chilichonse. Nkhani imeneyi, yotsogolera anthu amene sali pansi pako, anaipatsa theka la tsiku basi, chikhalirecho ndiyo ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Msonkhano wachiwiri anauikanso mkati mwa mayeso, nthawi imene palibe wa makompyuta angazimitse foni.

Ngakhale zili choncho, ndingalimbikitse aliyense amene wangokwezedwa kumene kuti alowe, bola akhale wokonzeka kumva zowawa za 360 ndiponso asaphonye nthawi ya mlangizi. Amene akungofuna satifiketi asadzivutitse.

Pa sabata yolembetsa ophunzira semesita ino, dongosolo lolembetsera linayamba kuchedwa m'mawa wa Lolemba, ophunzira atadzaza pakhomo. Ndinaimirira kuti ndithamangire ku ma seva, makompyuta akuluakulu amene amayendetsa dongosololi, kenako ndinakhalanso pansi n'kuimbira mtsikana amene anayamba ntchito chaka chatha. Ndinamufunsa zimene waona. Pasanathe ola anali atapeza kuti database, nkhokwe yosungira zambiri za ophunzira, yafika pa malire a anthu olowa nthawi imodzi, ndipo anakonza yekha. Ine nthawi yonseyo ndinali pa foni ndi a registrar, kuwauza mphindi 15 zilizonse pamene tafika.