Jekete ya matumba yosakira nkhandwe: momwe yakhalira kuchokera mu Meyi mpaka mvula ino

Mu Meyi ndinagula jekete yopanda manja, ya matumba ambiri, yoti ndizivala polondera nkhosa usiku pa famu imene ndimagwirako ntchito cha ku Beatrice, kumwera kwa Harare muno mu Zimbabwe. Nthawi imeneyo ndikanati ndiyiyamikire bwenzi ndikunama, chifukwa chatsopano chilichonse chimakoma. Tsopano yadutsa m'chisanu cha Juni ndi Julayi, yapsa ndi dzuwa la Okutobala, yavumbwanso ndi mvula, ndiye ndingathe kuyankha bwino funso limene achimwene ena a ku Mufakose anandifunsa titakumana pa maliro ku Dzivarasekwa. Iwo apeza ganyu yolondera mbuzi cha ku Norton, ndipo amafuna kudziwa ngati munthu wosaka zilombo zogwira ziweto ayenera kugula jekete ya kamofulaji, ija ya mawangamawanga ngati ya asilikali, kapena ya mtundu umodzi.

Achimwene, yankho langa ndi lakuti musagule ya kamofulaji. Mayi amene anandigulitsa yangayi amapikula katundu ku Johannesburg, ndipo pa foni yawo anandionetsa mitundu iwiri ya jekete yomweyi, kusoka kwake kofanana, matumba ake ofanana. Ina inali ya mawangamawanga, ina yobiriwira modera ngati tsamba lofota. Ndinatenga yachiwiriyi, ndipo chifukwa choyamba chinali lamulo. Muno mu Zimbabwe munthu wamba saloledwa kuvala kamofulaji. Lamulo la asilikali la Defence Act, Chapter 11:02, mu gawo 99 limaletsa zimenezi, ndipo akuluakulu a asilikali akhala akuchenjeza anthu poyera kuti asiye kuvala ngakhale kugulitsa zovala zoterezi. Ena amati mawanga a alenje, ojambula masamba ndi nthambi, ndi osiyana ndi a asilikali. Kusiyana alidi osiyana, koma ine ndimakwera kombi pa Mbudzi ku Harare kulowera msewu wa Masvingo, ndipo sindikufuna kuti ndikafotokoze kusiyana kumeneko pa rodibuloko m'bandakucha. Ife ana a anthu amene anachokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu timadziwa kuti nkhani yoyamba ndi malaya imatha kukafika pa ziphaso, ndiye tsiku lonse lathera pomwepo.

Chifukwa chachiwiri ndachiona ndi maso anga miyezi yonseyi. Nkhandwe siyang'ana mawanga a malaya. Maso ake, monga a galu, salekanitsa mitundu yambiri ngati athu. Chimene imakhulupirira ndi mphuno, kenako makutu, kenako kugwedezeka kwa chinthu. Usiku wina mu Julayi mwezi ukuwala ndinakhala tsonga patsinde pa mtengo wa msasa, nsana nditatsamira thunthu, mphepo ikundiomba kumaso. Nkhandwe inatulukira ku dambo, ikuyenda motsetsereka monga zimachitira, n'kudutsa pafupi kwambiri moti ndinaona bwinobwino nsonga yoyera ya mchira wake. Sinandione. Itangozungulira n'kufika kumene mphepo imapita ndi fungo langa, inaima njo, n'kutukula mphuno, basi liwiro. Ndikanavala mawanga a mtundu uliwonse zikanachitika chimodzimodzi. Chofunika ndi mtundu wosawala, kukhala patsogolo pa chitsamba kapena thunthu kuti thupi lisaoneke lokha pa mlengalenga, ndi kukhala phee.

Ndiye ngati mtundu suli kanthu kwenikweni, ndalama zanu zipite kuti? Zipite ku phokoso, kapena ndinene kuti kupanda phokoso. Apa ndi pamene jekete yanga inayamba yandivuta. Matumba anayi akutsogolo anabwera ndi zomatira za Velcro. Masana m'tauni simungazimve n'komwe. Koma usiku wa chisanu kuthengo kukangoti zii, mukatsegula thumba limodzi kuti mutenge batire, phokoso lake la kwaa limamveka mpaka tsidya la dambo. Ndinapita nayo kwa telala wina wa pa khonde ku Highfield, mdala wa kwathu amene amasokabe ndi makina opalasa ndi phazi. Anachotsa zomatira zonse n'kuika mabatani akuluakulu a pulasitiki ndi tizingwe tokolera. Anandiuza kuti, “Mwana wanga, batani lachitsulo likakhudzana ndi mfuti limalira, ika awa.” Ananena zoona. Kuyambira pamenepo ndimatsegula thumba ndi chala chimodzi mumdima popanda ngakhale nkhosa kutembenuka. Timichira ta zipi nato tinali tachitsulo ndipo tinkangoti ngwengwengwe poyenda. Tinatidula n'kumangapo tizingwe ta nsapato.

Nsalu yake ndi ya thonje yosakaniza ndi poliyesita, yokhuthala pang'ono. Poyamba inali youma, ikukwecha ndikamasuntha mkono, koma itachapidwa kangapo inafewa. Mnzanga amene timasinthana naye ulonda ali ndi ya nayiloni yolimba kwambiri. Minga siimuboola, koma akamadutsa mu udzu wouma wa Ogasiti ndimamumva ali kutali. Pa ntchito yathuyi ndingasankhe nsalu yofewa yomwe idzang'ambike msanga kusiyana ndi yolimba yosokosera. Pogula, itengeni m'manja muikwechetse yokhayokha pafupi ndi khutu. Ngati ikulira mu shopu, kuthengo idzalira kawiri.

Za matumba ndiyenera kukhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amanyengeka. Wogulitsa amakuwerengerani matumba khumi ndi awiri ngati kuchuluka ndiwo ubwino. Ine amene ndimagwiritsa ntchito ndi asanu okha. Lamanzere pansi muli tochi ndi mabatire ake. Lamanja pansi muli zipolopolo, zokulungidwa m'kansalu kuti zisagundane. Jekete ili ndi timalamba tolastika tolowetsamo zipolopolo pamimba, koma ito tinapangidwira zipolopolo zonenepa za mfuti ya chifefe, ndiye za .223 zimene timagwiritsa ntchito zinkangopulumuka. Tsopano timalambato tatamuka, ndipo ndimangokolekamo kawenzulo koyitanira nkhandwe, kaja kolira ngati kalulu wogwidwa. Thumba lam'kati la zipi muli mapepala: chiphaso changa, kope la satifiketi ya mfuti ya pa famu yochokera ku polisi, ndi kalata ya mwini famu. Zonsezi zili m'kapepala kapulasitiki. Lakumbuyo, lalikulu, ndimaikamo juzi ndi botolo la madzi.

Matumba awiri a pachifuwa ndi amene muyenera kuwayang'anitsitsa. La mbali imene mumatsamiritsa mfuti liyenera kukhala lopanda kanthu, kapena lisakhalepo n'komwe. Pa jekete yanga thumba limeneli lakwera kwambiri, chivindikiro chake chili pamene pamakhala thako la mfuti. Mukakweza mfuti mwachangu imakodwa pamenepo, ndipo nkhandwe sidikira kuti mukonze. Telala uja analisoka kuti ligone, koma msoko wake ukadalipo ndipo ndimaumva. Ichi ndi chilema chenicheni cha kapangidwe kake. Amene anaika thumba pamenepo anachita ngati akuganiza za munthu wojambula zithunzi kapena wowedza nsomba. Mukamayesa ina, kwezani manja ngati mukuloza mfuti, muone ngati paphewa pali posalala.

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo amene sanagonepo panja kuno mu Juni sadziwa kuti chisanu chake chimaluma bwanji. M'madambo udzu umachita kuyera m'mawa. Ndinachita bwino kugula yokulirapo, chifukwa imalowa pamwamba pa juzi ndi jekete ina popanda kundimanga m'khwapa. M'mbali mwake muli timalamba tokokera, ndiye kukatentha ndimaifupikitsa n'kuivala pamwamba pa malaya okha. Koma mu Okutobala inandizunza. Kumsana kulibe kaneti kolowetsa mphepo, ndipo ngakhale dzuwa litalowa thukuta limangoyenderera. Thukuta ndi fungo, ndipo fungo ndi limene nkhandwe imatsata. Ndinkaichapa ndi sopo wa mtanda wopanda mafuta onunkhira, kuitsukuluza kwambiri, n'kuyanika kutali ndi utsi wa kukhitchini. Kuchapa pafupipafupi kwaiyeretsa m'mapewa, tsopano yayamba kufanana ndi khaki. Sindidandaula, chifukwa mu udzu wouma mtundu umenewu umabisala bwino kuposa wobiriwira uja.

Chisoso chimaikonda kwambiri nsalu imeneyi. Mukadutsa m'mphepete mwa munda wakale mumatuluka mutadzaza timinga takuda, ndipo kuchotsa kwake ndi ntchito ya ola lathunthu. Nkhupakupa nazo zimabisala m'misoko ya matumba, choncho sindilowa nayo m'nyumba yogona. Ndimaikung'untha panja n'kuikoleka pa msomali m'shedi. Chitedze chinaigwerapo kamodzi cha ku mtsinje, ndipo ubweya wake unalowerera moti ndinachita kuinyika m'madzi otentha.

Pali thumba lina laling'ono limene poyamba linkangokhala, koma tsopano ndimaliona lofunika kuposa ena. Muli magolovesi a labala ndi kasopo. Nkhandwe za m'mafamu a kuno ku Mashonaland zimadziwika kuti zimafalitsa chiwewe, ndipo chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika. Nyama yakufa musaigwire ndi manja, makamaka kukamwa kwake. Nkhandwe yoyenda masana mosaopa anthu, yolowa mpaka pa khola dzuwa likuswa mtengo, muikayikire. Ikaluma munthu kapena malovu ake akagwera pa bala, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Dziwitsaninso a zowona za ziweto.

Ndipatuke pang'ono, achimwene, popeza mukuyamba kumene. Jekete yodzaza zipolopolo imampatsa munthu mtima wofuna kuombera chilichonse chowala maso. Ine miyezi imeneyi ndaombera kochepa kwambiri, ndipo sindichita nazo manyazi. Nkhandwe yofala kuno kumpoto ndi ya mzere m'nthiti ndi mchira woyera kunsonga. Imeneyi imadya mbewa, tizilombo, zipatso zakuthengo ndi zakufa kale, ndipo si kawirikawiri kuti igwire nkhosa yamoyo. Yovuta kwambiri pa ziweto ndi ya msana wakuda, imene imachuluka kumadera ouma. Ana a nkhosa ambiri amene tinataya chaka chino anagwidwa ndi agalu osokera ochokera m'makomboni oyandikana nafe. Galu amang'amba paliponse, m'miyendo, m'mimba, n'kusiya nyama yosadya. Nkhandwe imagwira pakhosi. Yang'anani mtembo ndi mapazi m'mawa musanaweruze. Palinso kanyama kofanana ndi fisi wamng'ono, ka mizere m'thupi, kamene kamadya chiswe chokha. Lamulo la Parks and Wildlife Act la 1975 limakateteza mwapadera pamodzi ndi kakwiyo, ngaka ndi nsato, ndipo kukapha ndi mlandu waukulu. Kukabwera fisi weniweni kapena kambuku, imeneyo si nkhani yoti muthane nayo nokha. Uzani mwini famu aimbire a ZimParks, bungwe la boma loona za nyama zakuthengo. N'chifukwa chake tochi yowala bwino ndiyo ili m'thumba lofikirika msanga kuposa la zipolopolo.

Mvula itayamba mu Novembala ndinaona chofooka chake china. Wogulitsa ananena kuti madzi salowa, koma imangopirira mawawa. Mvula yeniyeni ikagwa imamwa madzi n'kulemera, ndipo matumba apansi alibe tizibowo totulutsira madzi, moti tochi inasambira. Ndinaboola tokha ndi msomali wotentha, tiwiri pa thumba lililonse. Ikanyowa imatenga tsiku lonse kuti iume, ndipo ikapanda kuuma bwino imanunkha chinyezi. Masiku ano kumwamba kukada ndimavala kapulasitiki kamvula pamwamba pake, ngakhale kuti kamasokosera.

Pa kulimba, yachita bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Zipi yaikulu yakutsogolo ikuyendabe, ndimangoipaka kandulo fumbi likachuluka. Msoko wa thumba la zipolopolo unamasuka pakona chifukwa cha kulemera, ndinausoka ndekha ndi ulusi wa nsapato. Waya wa minga unaing'amba kumsana pamene ndinkawoloka mpanda, ndipo chigamba chake chagwira. M'khosi mwayamba kuperepeseka chifukwa cha lamba wa mfuti. Ndikuona kuti chaka china chathunthu ipirira.

Kulemera ndiko muyenera kudziletsa nokha. Jeketeyi ilibe lamba wa m'chiuno, katundu yense amalendewera pamapewa. Mukadzaza matumba onse, pofika pakati pa usiku khosi limauma ndipo mumayamba kusunthasuntha, komwe ndi kudziulula. Botolo la madzi tsopano ndimalitula pansi ndikangofika pokhala.

Kodi ndingaigulenso? Yomweyi ayi, chifukwa cha thumba la paphewa lija ndi msana wopanda kaneti. Koma ya mtundu umodzi, ya thonje, yokulirapo, ndingagulenso mawa lomwe. Ngati ndalama zili zochepa, pitani pa kaunjika ku Mbare mukafune jekete ya khaki ya matumba, zimapezeka, ndipo muisiyire telala ndalama ya mabatani ndi kugonetsa thumba. Yotsala mugulire tochi yabwino ndi mabatire osinthira. Mukapita Loweruka m'mawa mundiuze, tikasankhe limodzi.