Siling'i ya PVC: ikuyenera zipinda ziti pa nyumba ya ku Dedza?

Mabanja ambiri pa boma la Dedza, ku Bembeke ndi ku Lizulu akamakonzanso nyumba amathamangira matailosi ndi penti, siling'i n'kubwera pomaliza ndalama zikatsala. Dedza ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kutentha konse kwa m'nyumba kumathawira ku malata. Choncho siling'i kuno ndi yofunika kuposa matailosi. Funso n'lakuti ya pulasitiki yotchedwa PVC, imene yadzaza m'mahadiweya masiku ano, ikugwiradi ntchito?

Pabalaza, kuchipinda kwa ana ndi ku bafa, inde. Malata amatuluka thukuta m'mawa kukazizira, madontho n'kumagwera pansi. Siling'i ya jipisamu ikamwa madzi amenewo imachita mawanga achikasu kenako imalendewera, pomwe pulayiwudi amatupa n'kuyamba kusendeka. PVC siwola, chiswe sichiidya, sifuna penti, ndipo ikada mumangopukuta ndi kansalu konyowa. Phokoso la mvula imalichepetsa, ana amatha kuwerenga, koma musayembekezere kuti lithe. Sitenthetsanso nyumba, imangotsekera mpweya wofunda kuti usakwere msanga. Kuchipinda kwa agogo kapena kwa khanda ndi bwino kuyala zotchingira kuzizira pamwamba pake, ngati thumba likulola.

Vuto lili pa makulidwe. M'sitolo imodzimodziyo mupeza yokhuthala ndi yopyapyala, maluwa ake ofanana. Itsineni ndi chala chachikulu pakati: ikabonyoka osabwerera, isiyeni. Yopyapyala imapindika mu Okutobala malata akatentha, ndipo mlomo wolumikizira umathyoka poikhoma. Onaninso kuti mitolo yonse ndi ya mtundu umodzi, chifukwa zoyera zimasiyana kuwala, ndipo kusiyanako kumaonekera zitakwera kale.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Zidutswa zambiri za PVC ndi zotambalala masentimita 25 kapena 30, koma kutalika kumasiyanasiyana, ndiye yezani chipinda musanapite kukagula. Chipinda cha mamita 4 ndi 3.5 chimadya zidutswa 14 za masentimita 25 zotalika mamita 4. Onjezerani ziwiri zapadera. Zotsekera m'mbali zikhale mamita 15. Matabwa okhomerapo, a mamilimita 38 mbali zonse, adutse mopingasa pa masentimita 40 aliwonse, kutanthauza mizere 11 ya mamita 3.5. Kalipentala akakuuzani kuti masentimita 60 akwanira, dziwani kuti akupulumutsa matabwa anu lero koma siling'iyo idzagwa mimba pakati.

Matabwa a payini kuno savuta kupeza, koma ambiri amagulitsidwa aawisi. Thabwa laliwisi likamauma limapotoka n'kukoka siling'i, mizere n'kutseguka. Agulireni padakali nthawi, muwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izipita, kenako apakeni mankhwala a chiswe asanakwere. PVC siidyedwa, koma thabwa limene laigwira limadyedwa. Mmisiri akoke chingwe ndi levulo kuzungulira chipinda chonse, asatsate khoma chifukwa makoma ambiri ndi okhota. Agwiritse masikuluwu m'malo mwa misomali, ndipo asiye kampata ka mamilimita 5 kukhoma kuti pulasitiki ikatanuka ndi kutentha isakankhane.

Pali ntchito zinayi zoyenera kutha siling'i isanakwere. Malata onse odontha amatidwe kapena asinthidwe, chifukwa PVC imabisa kudontha: madzi amadikha pamwamba mpaka tsiku lina adzatulukire pa babu. Mpata wa pakati pa khoma ndi malata utsekedwe ndi njerwa ndi matope a simenti, apo ayi mwamangira mileme ndi makoswe nyumba, ndipo fungo la ndowe za mileme silituluka. Mawaya a magetsi adutse m'mapaipi ake, ntchitoyo agwire munthu wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Pomaliza musiye kachitseko ka masentimita 60 mbali zonse, makamaka mu kolido, kolowera m'denga. Amisiri ena amakaiwala dala chifukwa kamachedwetsa ntchito.

Ku khitchini yophikira nkhuni kapena makala, PVC musaiyike. Ndi pulasitiki: ikamva moto imafewa, ndipo ikapsa imatulutsa utsi woipa. Mwaye umaisandutsa yachikasu moti sibwereranso. Kumeneko siyani denga lapululu lokhala ndi potulukira utsi, kapena ikani mabodi a simenti. Mababu akale otentha aja nawonso amasiya bwalo lakuda. Ikani a LED.

Chipinda chosungiramo mbatata ya kachewere ndi matumba a chimanga nachonso sichifuna kutsekedwa. Mbatata imafuna mdima, kuzizira ndi mphepo yodutsa. Mukaitsekera mofunda imamera msanga ndi kuwola. Ndalama ya chipinda chimenecho ipite ku matabwa abwino a zipinda zogona.

Nkhani ya mbaula tiinene mosabisa. Kuno anthu amalowetsa mbaula ya makala m'nyumba kuti aothe. Nyumba yopanda siling'i imapumira m'mipata ya denga, koma mukaika PVC n'kutseka mipata yonse, mpweya wa makala, umene sununkha ndipo suoneka, ulibe kothawira. Umapha anthu ali mtulo. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mawindo musatimate, zenera lizikhala lotsegula pang'ono pootha, ndipo mbaula izituluka panja anthu asanagone.

Ngati makoma ndi aafupi moti siling'i ikhala pansi pa mamita 2.4, yambani mwakweza denga. Mukagula ku Lilongwe, musalole kuti aipinde kapena kuimanga ndi chingwe chothina pamwamba pa minibasi. Ibwere yogona pa galimoto ya bodi lalitali, apo ayi ifika milomo itathyoka. Mtengo umasintha pafupipafupi, choncho mmisiri akulembereni papepala mtengo wa ntchito pa chipinda chilichonse, zipangizo mukagule nokha, ndipo ndalama yomaliza mupereke mutayatsa magetsi madzulo n'kuona ngati mizere yawongoka.