Timabotolo tinayi tophunzitsira mphuno: miyezi isanu ndikutinunkhiza

Covid-19 itandisiya mu 2021, mphuno inatsala yakufa. Tsiku lina chakudya chinapserera pamoto ine ndili chikhalire pomwepo, mpaka mwana anachita kuthamanga kuchokera panja ataona utsi.

Chimene ndinkafuna poyamba ndi njira yobwezeretsa kumva fungo pogwiritsa ntchito magetsi. Ndinali nditawerenga za dokotala Eric Holbrook wa pachipatala cha Massachusetts Eye and Ear ku Boston, ku America, amene mu 2018 analowetsa timawaya m'mphuno mwa anthu asanu n'kudzutsa ndi magetsi kagawo ka ubongo kolandira fungo. Atatu anamva fungo, lina ngati la anyezi, popanda chonunkha chilichonse pafupi. Koma anthuwo ankamva kale fungo bwinobwino. Kachipangizo kamene Richard Costanzo ndi Daniel Coelho akukonza ku Virginia Commonwealth University, kotengera nzeru ya kothandiza ogontha kumva, nakonso kadali pa kafukufuku. Adokotala anga sanabise mawu: "Zamagetsizo muiwale kaye."

Anandilozera timabotolo tinayi ta mafuta onunkhira: rozi, bulugamu, ndimu ndi clove (chokometsera zakudya cha fungo lamphamvu). Njirayi anaiyesa katswiri wa za fungo Thomas Hummel ku Dresden, ku Germany, mu 2009. Umanunkhiza kabotolo kalikonse kwa masekondi ochepa, m'mawa ndi madzulo, kwa masabata 12 kapena kupitirira, uku ukuyesa kukumbukira mmene chinthucho chinkanunkhirira. Maselo a fungo m'mphuno amatha kuphukanso, ndiye ntchito yako ndi kuwakumbutsa njira.

Kunena zoona, zimatopetsa. Masabata asanu ndi awiri oyamba ndinkangokoka mpweya wopanda kanthu, ndikudziona ngati chitsiru. Kenako clove anatulukira, patalipatali ngati munthu woitana kutsidya la mtsinje. Ndinakhala pansi. Bulugamu anatsatira. Rozi mpaka lero amandinunkhira ngati pulasitiki wopserera, khofi nayenso chimodzimodzi, ndipo adokotala akuti kusokonekera kotere kumachitika mitsempha ikamalumikizananso.

Dandaulo langa lili kwa wogulitsa. Zivindikiro sizitseka bwino, moti ndimu anathawa mwezi wachiwiri usanathe, ine n'kumaganiza kuti mphuno yabwerera m'mbuyo. Mkazi wanga atanunkhiza ndi amene anati, "Bambo, mulibetu kanthu umu." Timapepala ta mayina tinamatukanso ndi mafuta. Mukagula, lembani mayina pansi pa kabotolo, muzisunga pamalo ozizira, ndipo wina wa mphuno yamoyo azikuyeserani mwezi ndi mwezi.

Ndingaguleko kachiwiri, koma kwa wina. Utsi ndikuumva tsopano, koma fungo la sopo ndikulimva theka chabe.