Kujambula dzuwa likamalowa: ku Mulanje kapena ku Chembe?

Wojambula amene waima cha ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, madzulo amafulatira dzuwa, ndipo kuwala kwake kumagwera pa thanthwe la Chambe loyang'ana kumadzulo, mwakuti ming'alu ndi mizere yosiyidwa ndi madzi a mvula zimaoneka bwinobwino mwalawo utafiira. Chithunzi chotere chimakumbutsa munthu kuchepa kwake pafupi ndi phiri limene nsonga yake, Sapitwa, imafika mamita 3,002.

Ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, nkosiyana, chifukwa kamera imayang'anizana ndi dzuwa likulowa cha kuchilumba cha Thumbi, choncho asodzi ndi mabwato awo amangooneka akuda bii pamadzi ofiira. Kumeneko ngakhale foni imakwanitsa. Komabe m'kuona kwanga Mulanje amapatsa wojambula zambiri, kupatula mu Seputembala ndi Okutobala pamene utsi wa moto wolusa umaphimba phirilo.