Kalasi ya pa WhatsApp ya za atumwi ndi Yudasi, ndaipatsa 4 pa 5

Mnzanga ndi amene anandikokera mu kalasi imeneyi, ya masabata 6, aphunzitsi amatumiza ma voice note m'mawa kenako madzulo ndi nthawi ya mafunso. Nkhani yake inali yoti ngati Yesu anachezera usiku wonse kupemphera asanasankhe atumwi 12, monga ikunenera Luka 6:12, nanga Yudasi anatayika bwanji?

Chomwe ndawakondera abambowa sathamangira yankho. Amayamba akuwerengetsa Yohane 15:16 pomwe Yesu akuti si inu munandisankha, kenako akubweza pa Yohane 6:70 pomwe Yesu yemweyo akuti pa 12 ndinasankhawa mmodzi ndi mdierekezi, mutu wayamba kale kuzungulira iwo akuwonjezeranso Yohane 13:18 pomwe akuti sakunena za onse, akuwadziwa amene anawasankha. Apa mpomwe anatimasulira kuti kusankhidwira ntchito ya utumwi ndi kwina, kusankhidwira chipulumutso ndi kwinanso. Ine zaka zonsezi ndinkangoziponya m'thumba limodzi, manyazi ake.

Za ulosi anazigwiranso bwino. Anatiuza tiwerenge Salimo 41 yonse osati vesi 9 yokha, uone kuti wolembayo akulira za mnzake weniweni amene ankadya naye limodzi, za Yudasizo zikubwera pambuyo. Chimodzimodzi Machitidwe 1:20, Petulo pamaso pa anthu ngati 120 akulumikiza Salimo 69:25 ndi Salimo 109:8, maere nkugwera Matiya kuti alowe m'malo mwa Yudasi. Ndinali ndisanadziwe kuti ndi masalimo awiri osiyana.

Koma sabata ya 5 zinandibowa. Mayi wina anafunsa kuti pa Luka 22:32 Yesu anapempherera Petulo kuti chikhulupiriro chake chisafe, nanga Yudasi bwanji sitimva kuti anamupempherera choncho? Funso labwinobwino. Aphunzitsi anathawira kwa Calvin ndi Arminius, akatswiri akale a za Mulungu amene ziphunzitso zawo zimasiyana pa nkhani ya kusankhidwira chipulumutso, mpaka kukafika ku sinodi ya ku Dort, ku Netherlands, ya 1618 mpaka 1619, voice note yaitali ngati ulaliki wa pa chitsitsimutso koma mayi aja osayankhidwa. Mbiriyo ndi yabwino, inde, koma bola akanangoti apa nanenso pamandivuta.

Ine ndinafunsa langa, kuti bwanji Mateyu 27:9 akutchula Yeremiya pomwe za ndalama 30 zasiliva zili pa Zekariya 11:12-13. Anati tidzabwererako. Kalasi inatha, satifiketi anatumiza ya PDF, za Zekariyazo ndikudikirabe.